Mwafunsa, Tayankha: Kafukufuku Akapezeka ndi Vuto Atasindikizidwa Kale

FUNSO: Ndine namwino ndipo ndikupitiriza maphunziro. Pepala lina limene ndinalidalira polemba ntchito yanga ndalipeza litadindidwa mawu akuti Retracted tsamba lililonse. Kodi ndiye kuti olembawo ananama? Nanga likupezekeranji pa intaneti? Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Mayi, chidindocho chikutanthauza kuti magazini imene inasindikiza pepalalo yalikana: zimene likunena zisadaliridwenso. Sikuti vuto lililonse limafika pamenepo. Ngati cholakwikacho n'chaching'ono, monga dzina la wolemba kapena nambala imodzi m'tebulo imene sikusintha mfundo yaikulu, mkonzi amangotulutsa chikonzero. Ambiri amachitcha erratum ngati analakwitsa ndi osindikiza, corrigendum ngati ndi olemba. Nkhani ikakhala yaikulu koma ikufufuzidwabe, amaika chenjezo lotchedwa expression of concern. Kulikana pepala lonse kumabwera manambala akapezeka opeka kapena olakwika mpaka mfundo yagwa, ntchito ikakhala yobera eni ake, kapenanso ngati anafufuza pa anthu popanda chilolezo cha komiti yoteteza ufulu wawo. Kuno kwathu chilolezo chotere pa nkhani zaumoyo chimachokera ku makomiti monga NHSRC ndi COMREC.

Si onse amene ananama. Frances Arnold, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2018, analengeza yekha mu Januwale 2020 kuti akubweza pepala lake la m'magazini ya Science chifukwa zotsatira zake zinakanika kutulukanso poyesa kachiwiri. Umenewo ndi ulemu, ndipo tikanakonda akanachuluka otere. Komabe kafukufuku wa mu 2012 m'magazini ya PNAS anaunika mapepala 2,047 okanidwa a zaumoyo ndi zamoyo, n'kupeza kuti pafupifupi awiri mwa atatu alionse anagwa chifukwa cha chinyengo, kuba kapena kusindikiza ntchito imodzi kawiri.

Pepalalo salifufuta chifukwa ena analitchula kale m'ntchito zawo, ndipo wolondola mapaziwo ayenera kukapeza chenjezo, osati tsamba lopanda kanthu. Werengani chikalata chofotokoza chifukwa chake, chimayenera kukhala chaulere. Kenaka lichotseni pa maziko a ntchito yanu ndipo muwadziwitse okuyang'anirani.

FUNSO: Ndaona chithunzi chimodzi cha pa maikulosikopu chitagwiritsidwa ntchito kawiri m'pepala limodzi, chachiwiricho atangochitembenuza, ngati n'cha zoyesa zina. Ndikauze ndani, ndipo chidzachitike n'chiyani? Mphunzitsi wa sayansi, Mzuzu

YANKHO: Aphunzitsi, lemberani mkonzi wamkulu wa magaziniyo. Tchulani mutu wa pepalalo, nambala yake ya DOI (nambala yozindikiritsa pepalalo pa intaneti), nambala ya chithunzi, ndipo ikani zithunzi ziwirizo pafupi mutazunguliza malo ofananawo. Nenani zimene mukuona basi. Mawu akuti "anaba" kapena "anapeka" asiyeni, chifukwa nthawi zina munthu amangosokoneza mafailo, komanso mawu oterewa amakodola maloya. Mungapemphe kuti dzina lanu lisatchulidwe. Pali webusaiti ya PubPeer kumene akatswiri amaika mafunso otere poyera.

Magazini ambiri amatsata ndondomeko za bungwe la COPE, lopereka malangizo a chilungamo pa kusindikiza kafukufuku, limene akonzi anayambitsa ku Britain mu 1997. Mkonzi amayamba wadzionera yekha. Akaona kuti nkhaniyo ili ndi mutu, amalembera wolemba amene amaimira anzake, kupempha kulongosola pamodzi ndi zithunzi zoyambirira ndi manambala osakonzakonza. Yankho likamveka, chikonzero chimakwanira. Likakhala lozembazemba, kapena olemba akangoti zii, nkhani imapita ku yunivesite kapena bungwe limene linawalemba ntchito.

Apa ndiye pamene pamachedwa zinthu. Mkonzi alibe mphamvu zolanda mabuku a m'labotale, kutsegula kompyuta ya munthu kapena kuitanitsa mboni. Mphamvuzo zili ndi olemba ntchito, amene nawonso amaopa kuipitsa dzina lawo. Taonani nkhani ya Andrew Wakefield. Mu 1998 magazini ya The Lancet inasindikiza pepala lake, lonena za ana 12 okha, limene linachititsa anthu kuganiza kuti katemera wa MMR, woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri, amayambitsa vuto la autism, lokhudza kakulidwe ka ubongo wa mwana. Mu 2004 olemba anzake 10 anakana mfundoyo, koma pepala lonse linakanidwa mu Febuluwale 2010, bungwe loyang'anira madokotala ku Britain litamupeza wolakwa. Zaka 12 zimenezo makolo ambiri anazemba katemera ndipo chikuku chinabwereranso. Kuchedwa kotere sitikuvomereza ngakhale pang'ono.

Zimathekatu kufulumira. Pa 22 Meyi 2020, The Lancet yomweyo inatulutsa pepala lonena kuti mankhwala a hydroxychloroquine ndi oopsa kwa odwala Covid-19, potengera odwala pafupifupi 96,000 a m'kaundula wa kampani ya Surgisphere. Bungwe la WHO linaimitsa kaye kuyesa mankhwalawo. Owerenga anazindikira kuti imfa za ku Australia m'pepalalo zinaposa zimene boma linali litalengeza. Kampaniyo itakana kupereka kaundula wake kuti aunikidwe, olemba atatu anapempha kuti pepalalo libwezedwe, ndipo pa 4 Juni zinatheka.

FUNSO: Si paja akatswiri ena amaunika pepala lisanatuluke? Zabodza zimadutsa bwanji? Wowerenga wa ku Chipata

YANKHO: Amaunikadi, achimwene, koma nthawi zambiri amakhala awiri kapena atatu, ogwira mwaulere, ndipo amaona zimene olemba atumiza zokha. Amafunsa ngati njira yofufuzira ili yoyenera ndiponso ngati mfundo ikugwirizana ndi manambala. Manambala akapekedwa mwaluso, sangadziwe. Masiku ano kuli ngakhale makampani amene amapanga mapepala abodza n'kumagulitsa malo a mayina a olemba. Mu 2023 mapepala oposa 10,000 anakanidwa, ochuluka mwa iwo a m'magazini a Hindawi, omwe anali m'manja mwa kampani ya Wiley.

Choncho musanatchule pepala, musadalire PDF imene mnzanu anakutumizirani pa WhatsApp, poti fayilo yakale ilibe chidindo. Tsegulani tsamba lake pa webusaiti ya magaziniyo, dinani kabatani ka Crossmark ngati kalipo, kamene kamaonetsa ngati pepala linakonzedwa kapena kukanidwa, ndipo fufuzani mutuwo m'kaundula wa mapepala okanidwa wa Retraction Watch, amene bungwe la Crossref linamutsegulira aliyense mu 2023. Ogwiritsa ntchito pulogalamu ya Zotero, yosungira mndandanda wa mapepala amene ukutchula, amaona chizindikiro chofiira pambali pa pepala lokanidwa. Bwerezani zimenezi sabata imene mukupereka ntchito yanu, chifukwa pepala limene linali bwinobwino chaka chatha lingakhale litakanidwa mwezi uno.