Achemwali, lowani m'bekalemo ndipo mufunse khofi wa kwathu

Ndalandira imelo kuchokera kwa owerenga athu ena a ku Chilomoni. Akuti pafupi ndi kwawo patsegulidwa bekale yomwe ikugulitsanso khofi, muli matebulo ndi mipando, ndipo fungo la buledi limawapeza m'mawa uliwonse akamadikira minibasi. Mayi awo akubwera kuchokera ku Ntcheu kumapeto kwa mwezi ndipo akufuna kukawasangalatsa kumeneko. Koma akuopa ziwiri: mayina olembedwa pabolodi sakuwadziwa, komanso amva kuti mtengo wa kapu imodzi ya khofi ungagule buledi wa banja lonse. Amaliza ndi funso lakuti, "Kodi malo oterewa ndi a anthu ngati ife?"

Achemwali, ndi anu, ndipo funso lanuli landikhudza chifukwa ndikudziwa kuti ambiri timadutsa pamalo otere tikuyang'ana kumbali. Khofi amene mukumuopayo ndi mbewu ya m'dziko lathu lomwe lino. Mtengo woyamba unafika ku Blantyre Mission m'chaka cha 1878, utachokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh m'dziko la Scotland, ndipo pofika zaka za m'ma 1890 khofi ndiye anali mbewu yaikulu yogulitsa kunja, tiyi ndi fodya zisanatenge malo. Lero alimi ang'onoang'ono a ku Misuku m'boma la Chitipa, a ku Phoka ku Rumphi, a kumapiri a Viphya ndi a ku Ntchisi amalima khofi wa mtundu wa arabica, ambiri mwa iwo kudzera m'makopaletivi a Mzuzu Coffee. Ku Thyolo nako, esiteti ya Satemwa, yomwe inayamba mu 1923, imalima khofi pambali pa tiyi. Ndiye mukafika pakauntala, funso loyamba likhale lakuti, "Khofi wanuyu ngwakuti?" Wogulitsa wodziwa ntchito yake amakondwera nalo funso limeneli, mwina akuonetsani ndi paketi yomwe. Ine ndimakhumudwa ndikapeza malo akugulitsa khofi wa m'chitini wochokera kunja pomwe wa ku Misuku alipo, ndipo ndimawauza mwaulemu.

Za mayina a pabolodi zisakusowetseni tulo. Pafupifupi onsewo gwero lake ndi limodzi, espresso. Ameneyu ndi khofi wochepa kwambiri, mwina mamililita 30 okha, amene makina amamufinya ndi madzi otentha kwa masekondi 25 kapena 30. Ndi wowawa ndiponso wamphamvu, ndipo sindingakulangizeni kuyambira pamenepo. Akathiramo madzi otentha amamutcha americano. Akathiramo mkaka wotentha ndi thovu lochindikala pamwamba ndiye cappuccino. Mkaka ukachuluka, thovu n'kuchepa, ndi latte. Kwa mayi anu, amene ndikuganiza kuti anazolowera tiyi wamkaka wa shuga wokwanira, latte ndi amene angawakomere. Shuga amakhala patebulo, athire mmene akufunira, palibe amene angawayang'ane. Akati khofi ayi, itanitsani tiyi wa ku Thyolo kapena ku Mulanje, nayenso ndi wathu.

Koma ine chimene chimandikokera kumalo otere ndi uvuni. Ophika buledi amayamba ntchito kukadali mdima, anthu tili mtulo, kotero nthawi yabwino yopitira ndi m'mawa, cha m'ma 7 kapena 8 koloko, zinthu zikungotuluka kumene. Mukapita madzulo mupeza zotsala, zitauma kale. Imani pang'ono pagalasi muone. Buledi wabwino amakhala ndi khungu lofiirira, mukamugogoda pansi ndi chala amalira ngati mulibe kanthu m'kati, ndipo mukamunyema akadali wofunda nthunzi imatuluka, m'kati muli timabowo tosiyana kukula. Mukaona kena kopindika ngati mwezi watsopano, ndiko croissant. Amakapanga popinda mtanda ndi batala kambirimbiri, n'kumauziziritsa pakati, ndiye mukaluma kamayoyoka timagawo topyapyala pa malaya. Musadzidandaule ndi nyenyeswazo, ndi umboni woti anakaphika bwino. Palinso buledi wotchedwa sourdough, amene sathiramo yisiti ya m'sitolo koma amafufumitsa ndi mtanda wosasa womwe amausunga ndi kuudyetsa ufa tsiku ndi tsiku. Amamveka kawawasa pang'ono, ngati thobwa logona. Ena samukonda ulendo woyamba, choncho pemphani kachidutswa mulawe musanagule wathunthu. Ndipo ngati pali masikono, mandasi kapena chigumu, musazidumphe poganiza kuti n'zakumudzi. Chigumu chofunda ndi khofi wamkaka zimayenderana kwambiri, ndipo mayi anu adzakhala ndi choti ayerekeze ndi chawo cha kunyumba.

Tsopano nkhani ya mtengo, yomwe ndi yoona ndipo sindikufuna kuipeputsa. Mbewu ya khofi imatenga zaka pafupifupi 3 isanayambe kubereka. Zipatso zake amathyola ndi manja, zofiira zokhazokha, kubwerera pamtengo womwewo kangapo chifukwa sizipsa pamodzi. Tsiku lomwelo amazisenda pa makina, kuzivundika, kuzitsuka, n'kuziyanika pathandala kwa masiku ambiri akuzitembenuza. Pa makilogalamu 5 kapena 6 a zipatso pamatuluka kilogalamu imodzi yokha ya njere, ndipo njerezo zikakazingidwa zimapepukanso. Mbali ya buledi ili ndi zake. Tirigu amene timalima kuno, monga ku Neno ndi ku Tsangano kwanu ku Ntcheu komweko, ndi wochepa kwambiri, ndiye wambiri amachokera kunja kudzera m'madoko a ku Mozambique ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ufa, batala ndi zipangizo za makina zinakwera nthawi yomweyo. Onjezanipo lendi, malipiro a antchito, ndi dizilo wa jenereta magetsi akazima mtanda uli mu uvuni. Sindikunena kuti mtengo uliwonse ndi wachilungamo. Alipo malo amene amalipiritsa mipando yokongola, khofi wake ali wozizira. Koma bekale ya m'dera, yomwe mwini wake mumamuona yekha atavala epuloni yodzaza ufa, kawirikawiri imakhala ikungolimbana kuti isatseke.

Chimene ndingachite ine ndi ichi. Pitani nokha kaye tsiku lina musanapite ndi mayi, mugule sikono imodzi, muwerenge mitengo modekha, mufunse chilichonse chimene simukuchimvetsa. Mukatero tsiku lenilenilo mudzalowa mukudziwa ndalama zoti mutenge, ndipo mayi sadzakuonani mukuwerengera m'chikwama, chifukwa tikuwadziwa makolo athu, akangoona zimenezo amayamba kunena kuti akhuta. Makapu awiri ndi zodyera ziwiri zogawana n'zokwanira. M'malo ena mumaitanitsa ndi kulipira pakauntala musanakhale, ena amakutsatirani patebulo, ndiye ingofunsani kuti, "Tiyambe talipira kapena tikhale kaye?" Khalani momasuka, chezani, palibe wokuthamangitsani mukamaliza kapu. Pokhapo ngati anthu adzaza ndipo ena aima, ndi ulemu kuwasiyira tebulo.

Mayi akamukonda khofiyo, funsani ngati amagulitsa wa m'paketi ndipo muwapemphe akugayireni wokhakhala pang'ono. Kumudzi safuna makina. Awiritse madzi, awaphule adikire pang'ono, athire masupuni awiri a khofi pa kapu iliyonse, avundikire kwa mphindi 4, kenako asefe ndi sefa ya tiyi. Paketiyo azimanga bwino ndi kuisunga pouma, kutali ndi sopo ndi usipa, chifukwa khofi amakoka fungo msanga. Musaiwalenso kufunsa pa ulendo wanu woyamba uja ngati amalandira Airtel Money kapena Mpamba, ndi nthawi imene amatsegula Loweruka, popeza mabekale ena ang'onoang'ono amasintha maola kumapeto kwa sabata.