Ndiwo n'zomwezo, chisinthe ndi kaphikidwe

Achemwali a ku Dedza boma, mwafunsa kuti mutani poti ndalama ya ndiwo imangokwana soya pieces, kabichi ndi nyemba, ana afika pokankha mbale, inu nomwe mwatopa nalo fungo la poto wanu. Ndaona ambiri pagulu pano akuti gulani zokometsera za m'timapaketi, ena akuti muzithira mafuta ambiri. Zabwino ndithu kwa amene thumba likuwalola. Koma mafutawo si ndi amene atipweteka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023? Ndipo timapaketito vuto lake n'lakuti chilichonse chimene mwathiramo chimakoma mofanana. Nyemba fungo lomwelo, kabichi fungo lomwelo, pakutha pa sabata ana ayambanso kukankha mbale. Ine ndimakhala cha ku Lizulu, ndiye zimene ndinene ndi zopezeka m'misika yathu yomweyi.

Ndalama yoyamba imene mungapatule, gulani mtedza. Nsinjiro zimalowa m'malo mwa mafuta, zimalimbitsa msuzi, ndipo mwana akadya zotendera sachedwa kukhuta. Nthawi yogula ndi pokolola, Meyi ndi Juni, mtengo usanakwere, ndipo wosasenda ndi umene umasungika bwino. Mtedza wa mtundu wa Chalimbana ndiye mwini nsinjiro. CG7 wofiira uja mafuta ndi ambiri, ukangopitiriza kusinja sachedwa kuphatana n'kuyamba ulendo wa ku chiponde, ndiye muzisinja pang'onopang'ono n'kumasefa, kapena ponyani kadzanja ka mgaiwa mumtondomo kuti zisamatane. Musanasinje, sankhani pa lichero. Wofota, wakuda ndi wachuku tayani. Chuku chimenechi chimakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga kapena kuwiritsa sikumuchotsa. Apa ndiye musaumire.

Amayi ambiri amati ana awo sakonda zotendera, koma ukapita kukaona umapeza nsinjiro zinamizidwa m'madzi ambiri n'kuphulidwa zisanapse, zikununkha uwisi. Madzi akhale ochepa, ongofika pakati pa masambawo. Masamba akafewa limodzi ndi tomato ndi mchere, wazani nsinjiro pamwamba, osatakasa. Vundikirani, pa mbaula chotsanipo makala angapo, muzisiye zipse ndi nthunzi. Mukavundukula muona zanyowa zonse, zaderako, ndipo timafuta tayamba kutuluka m'mbali mwa poto. Pamenepo ndiye lowetsani mthiko, zibwate pang'ono, muphule. Nkhwani, mpiru, khwanya, chitambe, kholowa, njira yake ndi yomweyi.

Kabichi wanu uja, kuno ndi kwawo. Ku Tsangano, ku Lizulu ndi ku Bembeke amachita kudzaza naye malole opita ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndiye kumusiya sitingamusiye. Koma asamabwere ndi nkhope imodzi. Lero mukazingeni mwachangu pa moto waukali, muphule akadali wolimbako, osati kumuwiritsa mpaka achite lende. Tsiku lina mutendere, koma nsinjiro zake zikhale za mtedza wokazingako pang'ono, fungo lake limasiyana kwambiri ndi la nsinjiro zaziwisi. Tsiku linanso musamuphike n'komwe: mudule mopyapyala ngati mmene amachitira anyamata a pa chiwaya, mufinye ndi mchere, muthire ndimu, tomato ndi anyezi. Ana amene amakana kabichi kunyumba ndi omwewo amanyambita saladi wa pa chipisi. Chachikulu mutsuke ndi madzi otetezedwa, makamaka nyengo ya mvula pamene kolera amavuta.

Soya pieces anthu timazilakwira pozithira m'msuzi zikadali zonyowa, n'chifukwa chake zimatafunika ngati siponji. Zinyikeni m'madzi otentha a mchere, zikafewa zifinyeni ndi manja mpaka madzi athe. Kenako zikazingeni pazokha ndi timafuta tochepa mpaka zifiire m'mbali, muziike pambali. M'poto momwemo kazingani anyezi mosapupuluma, afike pofiirira, osati kungomuonetsa moto. Tomato naye apse mpaka aphwanyike yense n'kuyamba kumata pansi, ndiye mubwezeremo soya zija ndi timadzi. Ndiwo zambiri za kwathu kuno zimafera pamenepa, pothira madzi tomato asanapse. Kapaketi ka supu kamene kamabwera m'katimo musamakamalize tsiku limodzi, theka limakwana. Ndipo soya pieces zimatenderekanso bwinobwino, ngakhale ena akamva amaseka.

Tsopano chimene ine ndimachiwerengera kuposa zokometsera zonse za m'golosale ndi ufa wa usipa. Usipa ndi bonya zimakwera kuchokera ku nyanja kudzera ku Mtakataka ndi ku Golomoti, ndipo pansi pa dengu la wogulitsa pamatsala zofumbutuka zimene ogula amazidumpha. Zimenezo pemphani akuchotsereni mtengo. Mukafika kunyumba petani kuti mchenga uchoke, zikazingeni m'poto wouma wopanda mafuta mpaka fungo litamveka panja, zizizire, musinje, musefe, muike m'botolo louma lotseka bwino. Supuni imodzi m'nyemba, m'kabichi kapena m'mpiru, munthu amafunsa kuti nsombayo ili kuti. Mwana wamng'ono muzimuthirirako m'phala. Poti usipa timadya ndi minga yomwe, umathandiza kulimbitsa mafupa. Mulu umene mukanadya tsiku limodzi umakometsa ndiwo za masiku angapo. Mukafuna kuuphika wathunthu, wokulirapo muziuchotsa mitu chifukwa ndi imene imawawa, ndipo kuukazinga pouma kaye musanauthire m'tomato kumachotsa kafungo kaja kamene ana amadana nako.

Nyemba muziviika usiku, m'mawa mutaye madziwo n'kuphika ndi atsopano. Makala amapulumuka, komanso m'mimba simuchita phokoso kwambiri. Zina mwa zoviikazo fikisani ndi manja makoko achoke, muphike mpaka zisungunuke, mutakase: chimenecho ndi chipere, ndipo ndi kamchere ndi katsabola chabe nsima imatha. Zina phikani limodzi ndi mbatata ya kachewere, tsiku limenelo nsima ipume. Timbatata ting'onoting'ono timene amalonda amasankhula podzaza matumba a m'tauni timagulidwa motchipa, makamaka tsiku la msika dzuwa likapendeka anthu akufuna kubwerera kwawo. Kukoma n'chimodzimodzi, tsukani bwino muphike ndi makoko omwe. Zokhazo zobiriwira khungu ndi zimene zaphuka kwambiri zisiyeni, zimakhala ndi ululu. Musamangokakamira mtundu umodzi wa nyemba. Nanyati, Napilira ndi Kholophethe msuzi wake ndi wosiyana, ndiye palinso khobwe, nzama ndi nandolo. Zikatsala zogona, poti ambirife firiji tilibe, ziwiritseninso mpaka zibwate musanagone ndi m'mawa. Kuzizira kwa Dedza musakudalire.

Chinthu chimene chimasowa m'mapoto ambiri ndi kuwawasa. Timadziwa mchere, timadziwa mafuta, basi. Ndimu mmodzi wofinyira pa masamba kapena pa usipa mutaphula kale amadzutsa ndiwo zimene zinagona, komanso vitamini C wa m'ndimu amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba. Tiyi amachita zosiyana ndi zimenezi, ndiye musamamwere tiyi pa nsima. Chidede ndi limanda masamba ake ndi owawasa mwachibadwa, tsamba pang'ono m'therere kapena m'nsomba zouma limasintha zonse. Bwemba ndi malambe zochokera ku chigwa zimakometsa phala la mgaiwa popanda kuthira shuga wambiri.

Tsabola wa kambuzi musamuope chifukwa cha ana. Ponyani mmodzi wathunthu m'poto, wosadula, wosaboola, ndipo musamuphwanye potakasa. Amasiya fungo lake lokoma lija koma ukali umatsala m'kati mwake. Pophula muvuuleni, akuluakulu agawane. Ofuna wowawa zenizeni sinjani kambuzi ndi adyo, mchere ndi madzi a mandimu, muike m'kabotolo koyera. Adyo ndi jinja zimaoneka zodula, koma kachidutswa kamodzi kamakwana poto yense, ndiye mutu umodzi mumayenda nawo nthawi.

Ndinenepo za ndiwo zaulere, ngakhale ndikudziwa kuti ena a pa boma amachita nazo manyazi ngati kuti anabadwira m'supamaketi. Chisoso, bonongwe ndi luni zimamera zokha m'minda mvula ikangogwa. Chisoso muthyole nsonga zanthete zokha, muwiritse pang'ono n'kutaya madzi oyamba ngati ana akudandaula fungo, kenako mutendere. Luni amawawa, koma kumusakaniza ndi nkhwani kapena bonongwe kumamufatsitsa. Muzipewa kuthyola m'mbali mwa ngalande ndi m'minda imene yangopoperedwa mankhwala. Soda kapena chidulo zisungireni therere ndi chigwada, osati kuthira m'masamba alionse kuti afewe msanga, chifukwa zimapha mavitamini ndipo ndiwo zonse zimangomveka soda.

Cha m'Malichi ndi Epulo, nkhwani ndi chitambe zikachuluka mpaka kumaola m'misika, futsani. Wiritsani pang'ono chabe, yanikani pa mphasa yoyera zitalikirane, ziume gwa. Agogo athu ankamanga m'zikwatu za masamba a masuku n'kupachika kudenga kwa khitchini. Inu ngati muli pa lendi, ndowa yotseka kapena thumba louma zikwana. Mfutso wotendera mu Okutobala, masamba atakwera mtengo, mumadya ngati mfumu. Tomato nayenso akatchipa ku Bembeke ndi ku Chimbiya mungathe kumudula mopyapyala, kuwaza kamchere n'kuyanika.

Musaiwale kuti nthawi zina ana satopa ndi ndiwo koma ndi nsima ya ufa woyera masana ndi madzulo, tiyi ndi sikono m'mawa. A zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Gulu la zokhutitsali si chimanga chokha. M'mawa muphike futali, mbatata ya kholowa ndi nsinjiro ndi kamchere. Mukapeza yofiira m'kati monga Kadyaubwerere kapena Zondeni ndiye bwino kwambiri, ili ndi vitamini A wothandiza maso. Maungu nawo amachita futali. Chigumu cha mgaiwa ndi nthochi zakupsa kwambiri, zija ogulitsa amafuna kutaya, chimaphikika pa mbaula makala pansi ndi pa chivundikiro, ndipo ana amanyamula kusukulu. Mkute musataye, udulenidulenni muwotche pa makala ufiire. Lamulungu mpunga wosweka wa ku Bwanje ndi nyemba, wosweka umatsika mtengo koma m'mimba umafika chimodzimodzi. Nyengo ya mapichesi, masuku ndi mapeyala, chipatso chimodzi pambuyo pa chakudya chimapangitsa mwana kuiwala kuti ndiwo zinali za dzulo. Peyala lothira mchere ndi ndimu limadyekanso ndi mbatata yowiritsa m'malo mwa majarini.

Ngati pakhomo pali kamalo ngakhale kochepa, dzazani dothi ndi manyowa m'matumba awiri akale, mubzale mpiru, anyezi wamasamba ndi kamtengo ka kambuzi. Madzi otsukuluzira mbale akwana kuthirira. Mu Juni ndi Julaye chisanu cha kwathu kuno chimawotcha tsabola, ndiye muzisendeza thumbalo pafupi ndi khoma usiku.

Mvula yoyamba ikagwa kuli ngumbi, zokazinga ndi mchere n'kuziyanika zimakhala nthawi ndithu, ndipo zosinja zimagwira ntchito ngati ufa wa usipa uja. Kenako kumabwera bowa wa m'mapiri, utale, manyame ndi ndelema, amene wotendera amaposa nyama. Koma bowa gulani kwa amayi achikulire amene amazula chaka ndi chaka, mtundu umene inunso mukuudziwa, ndipo ana musawatume kukazula okha. Wakupha amafanana kwambiri ndi wodyedwa, ndipo kuphika sikuchotsa ululu wake.

A ku Mtakataka ndi ku Golomoti amene muli pagulu pano, tiuzeni usipa ukuyenda bwanji panopa kumeneko, mwina achemwaliwa angatumize wa minibasi awagulire ndowa yaing'ono n'kugawana ndi anzawo a pa lendi.