Zisiyeni zikhale pa pampu, anemone musamugule kaye

Achimwene a ku Mchinji, funso lanu ndinaliona usiku koma ndinati ndiyankhe kukacha nditakhala pansi, chifukwa yankho lake silokwana m'mizere iwiri. Mwati thanki yanu ya madzi amchere ndi ya malita 120, yangotha miyezi inayi, ndipo nsomba zanu ziwiri za clownfish, za mtundu wa ocellaris, zasiya miyala yonse imene munaziyalira n'kukakhazikika pakona yapamwamba pamene pali pampu yokankha madzi. Zikumadzikhula pa pampuyo, usiku ina ikumagona chammbali ngati yafa, ndipo yaing'onoyo ikumanjenjemera thupi lonse yaikulu ikaiyandikira. Ndiye mukufunsa ngati zikudwala, komanso ngati muvomere anemone, chamoyo cha m'nyanja yamchere chimene nsombazi zimabisalamo, amene munthu wina wakulonjezani kuti akubweretserani kudzera pa Mwami mwezi wamawa.

Mtima m'malo. Pa zonse zimene mwafotokozazi palibe chimene chikundionetsa matenda. Ndipo anemoneyo musamugule panopa. Ine ndili kuno ku Kasungu, thanki yanga ili m'chaka chachisanu ndi chimodzi, ndipo njira imene mukufuna kudutsayi ndinaidutsa kale.

Clownfish si nsomba yoyendayenda. Ngakhale kunyanja yaikulu imasankha malo amodzi, n'kukhala pomwepo moyo wake wonse, osapita kutali. Mukaona mmene mbuna yaimuna imatetezera mwala wake ku Cape Maclear, mwaona kale theka la khalidwe limeneli. Kusiyana kwake n'kwakuti kunyanja yamchere mudzi wa clownfish umakhala anemone, chamoyo chofewa chija chokhala ndi timikono tambirimbiri ta mbola. Nsomba zina zikamukhudza zimalumidwa, koma clownfish ili ndi ulenda pakhungu umene umaiteteza, choncho imabisala m'kati mwake adani akabwera. M'thanki mulibe adani, koma mtima wofuna malo akeake sutha. Ikasowa anemone imatenga chilichonse chimene chaikomera: pampu, hita, kona ya galasi, kachipangizo koyezera kutentha, ngakhale maginito wopukutira galasi. Zanga zinakhala pa maginito ameneyu pafupifupi chaka chathunthu. Ndikamusuntha kuti ndipukute, zinkamutsatira mpaka mbali ina ya thanki, ndikamubweza nazonso n'kubwerera.

Kugona chammbali kuja n'kugona basi. Nsombazi zimagona modabwitsa, ina chotsamira galasi, ina choyandama pamwamba penipeni, ina mutu pansi. M'mawa nyali zikayaka n'kuona kuti yadzuka ndipo ikuthamangira chakudya, dziwani kuti zonse zili bwino.

Tsono kunjenjemera kwa yaing'onoyo ndiye nkhani yabwino kuposa zonse zimene mwalemba. Pa nsombazi, imene yakula n'kuposa inzake ndi imene imasanduka yaikazi, ndipo yotsatira msinkhu imakhala yaimuna yake. Yaikazi ikafa, yaimuna ija imakula n'kusanduka yaikazi, koma ikatero sibwereranso. Ndiye yaing'ono ikamapendekeka n'kumanjenjemera ngati yagwidwa ndi magetsi, ikuuza yaikuluyo kuti yagonja, siikulimbirana nayo ufumu. Zanuzo zikumanga banja. Ndaona kuti wina m'gulu muno wakulangizani kuti muwonjezere yachitatu kuti zichangamuke. Chonde musatero. M'thanki ya malita 120 ziwirizo zidzaizunza mlendoyo mpaka kuipha, kapena idzalumphira kunja pothawa.

Tibwere kwa anemone. Choyamba, palibe angakutsimikizireni kuti nsomba zanu zidzamulowa. Mitundu ya clownfish ilipo pafupifupi 30, koma ma anemone amene amakhala nazo ndi mitundu 10 yokha, ndipo nsomba iliyonse ili ndi amene inazolowerana nawo. Ocellaris kwawo imakhala mwa Heteractis magnifica, Stichodactyla gigantea ndi Stichodactyla mertensii. Atatu onsewa ndi ovuta kwambiri kusunga, amakula kuposa thanki yanu, ndipo a Stichodactyla amatha kugwira nsomba zina za m'thanki n'kuzidya. Amene anthu ambiri amasunga ndi Entacmaea quadricolor, uja amangomutchula kuti bubble tip, chifukwa ndi wopirirako. Koma iyeyu si wa ocellaris mwachibadwa. Zina zimamulowa tsiku lomwelo, zina patatha miyezi, zina mpaka kalekale zimangomudutsa n'kubwerera ku pampu yawo. Komanso mufunse bwino dzina la amene akubweretseraniyo. Alipo wina wotsika mtengo wotchedwa Condylactis, wochokera ku nyanja za ku Caribbean kumene kulibe clownfish n'komwe, ndipo ambiri amamugula posadziwa.

Chachiwiri ndi chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri. Anemone amafuna thanki yokhwima, yotha miyezi isanu ndi umodzi pang'ono pokha, ndipo ine ndinganene kuti chaka. Amafuna nyali yamphamvu chifukwa m'thupi mwake mumakhala tindere ting'onoting'ono timene timamupangira chakudya kuchokera ku kuwala. Amafuna madzi osasinthasintha, mchere wa 1.025 pa kachipangizo koyezera mchere, kutentha kwa madigiri 25 kapena 26, lero ndi mawa chimodzimodzi. Ndiye ganizirani magetsi athu mmene amazimira, kuzizira kwa ku Mchinji mu June ndi July, ndi kutentha kwa mu October. Nsomba zimapirira zimenezi pang'ono. Anemone sapirira. Zinthu zikamuipira amamatuka pamwala n'kuyamba kuyenda, ndipo amayenda usiku inu muli m'tulo.

Wanga ndinamugula thanki ili ndi miyezi isanu, pa chifukwa chomwechi chanu, ndinkafuna kuona nsomba zanga zikusambira m'timikono take. Sabata ziwiri zoyamba anali wokongola, wotupa bwino, nsonga zake ngati timababu. Kenako mu October magetsi anavuta masiku atatu otsatizana, nyumba yamalata ili ngati ng'anjo, madzi akutentha masana n'kuzizira m'bandakucha. Anayamba kuyera, kukamwa kwake kuli yasa. Usiku wachinayi magetsi anayaka cha m'ma 2 koloko, mapampu n'kudzuka, iye ali pa ulendo pagalasi. Pampu inamukoka. Ndinadzutsidwa ndi fungo. Madzi anali mbuu ngati mwathira mkaka, tizidutswa take tikuzungulira thanki yonse, nsomba zili pamwamba kukamwa kuli pululu kufuna mpweya. Ndinali ndi madzi osakaniza kale malita 40 okha m'zigubu. Ndinasintha amenewo, n'kusakaniza ena mpaka kunja kunayera. Ma clownfish anapulumuka, koma nsomba zina ziwiri ndi nkhanu yanga yaing'ono zinapita. Ndipo masiku onse amene anemoneyo anali moyo, nsomba zija sizinamukhudzeko ngakhale kamodzi. Zinali pa maginito.

Chimene chinandiwawa kwambiri si ndalama ayi. Ambiri mwa ma anemone amenewa amachita kuzulidwa kunyanja, kumene akanatha kukhala zaka zambirimbiri akusunga banja la nsomba. Kumuchotsa kumeneko, kumuyendetsa ulendo wonsewo mpaka kufika kuno kumtunda kopanda nyanja yamchere, kuti adzafe m'sabata zitatu, si chinthu chimene ndingafune kuti chibwerezedwe m'nyumba mwanu.

Ndiye zoti muchite panopa ndi zazing'ono, ndiponso zosadula. Pampuyo muiveke chinkhupule chokhala ndi mabowo akuluakulu kapena kaukonde kapulasitiki, kuti zipsepse za nsomba zisakokedwe, ndipo muzichichapa sabata iliyonse poti chimagwira zinyalala. Ngati hita ili pakona yomweyo, isuntheni kapena muitchinge, chifukwa nsomba yogona motsamira hita imapsa. Pamwamba pa thanki payenera kukhala chovindikira kapena ukonde. Nsomba yogona pakona yapamwamba ikadzidzimuka, mwina mwana wayatsa nyali ya pabalaza mwadzidzidzi, imalumpha, ndipo mudzaipeza m'mawa kuseri kwa kabati itauma. Ndalama imene munasungira anemone mugulire kapampu ka mpweya koyendera mabatire, ndipo ikatsala muyambe kusonkhera batire lalikulu ndi inverter zoti ziziyendetsa pampu ndi hita magetsi akazima. Kwa ife kuno chimenecho ndiye mtima wa thanki.

Ngati mukufuna kuti zitsike pakonapo zizikhala poonekera, yesani kamphika kadothi. Anthu oweta nsombazi kuti ziziswana amagwiritsa ntchito timiphika ta maluwa tadothi lootcha, topanda penti kapena chopaka chilichonse, kapena kachidutswa ka thailosi. Mukagule katsopano, mukachape ndi madzi okha opanda sopo, mukaviike masiku angapo, kenako mukagoneke chammbali pamchenga, kukamwa kwake kuloze kumene mumakhala. Mukatero muziwaza chakudya chapafupi pomwepo. Zanga zinatenga sabata zisanu zikungokayang'ana. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinapeza yaimuna ili m'kati, ikujompha khoma la mphikawo ngati mayi akuzira nyumba. Patapita miyezi ingapo m'menemo munali mazira, kachigamba kamtundu wa lalanje kukula ngati ndalama yachitsulo. Yaimuna ndi imene inkawasamala, kuwakupiza ndi zipsepse tsiku lonse ndi kuchotsa ofa ndi kukamwa. Tsiku ndi tsiku ankada, mpaka pa tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinkaona timaso tasiliva tikunyezimira m'dzira lililonse, ndipo usiku wotsatira nyali zitazima anaswa. Kuyambira pamenepo yaikazi imandiluma dzanja ndikangoyandikira mphika wake, ndipo imaluma zenizeni, pakati pa zala. Zonsezi zinachitika popanda anemone. Akuluakulu aja sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ena amakonda kuika korali yofewa, chamoyo cha m'nyanja chomera pamiyala, m'malo mwa mphika. Thanki ikakhwimako, ija amati toadstool ndi yabwino, njolimba ndipo imapirira kukhulidwa. Makorali a chigoba cholimba a mtundu wa hammer ndi torch nsombazi zimawakonda kwambiri chifukwa timikono tawo timagwedezeka ngati ta anemone, koma nthawi zambiri koraliyo ndi imene imavutika, imafinyikira m'chigoba chake osatulukanso. Nsombayo imathanso kutuluka timadontho takuda pakhungu chifukwa cha mbola za koraliyo. Timadontho timeneto si matenda, timazilala tokha.

Mudzamvanso za njira zokakamiza: kutsekera nsomba ndi anemone m'kadengu kamodzi, kapena kuitsetseretsa m'paipi kuti igwere pa iye. Musayese. Clownfish ikamalowa mwa anemone imachita pang'onopang'ono, imamukhudza ndi mimba kapena chipsepse, n'kuthawa, n'kubweranso, mpaka khungu lake litazolowera. Mukaiponyamo mwadzidzidzi ikhoza kulumidwa kwambiri ngakhale kudyedwa kumene.

Pali zinthu zimene mukaziona ndiye mudziwe kuti nkhani yasintha. Nsomba ikasiya kudya, ikamapuma mofulumira kwambiri, thupi lake likachita mbuu ndipo ulenda woyera ukamasupuka ngati khungu la njoka, ameneyo akhoza kukhala Brooklynella, matenda amene amakonda kugwira clownfish makamaka zogwidwa kunyanja, ndipo amatha kupha m'masiku awiri okha. Timadontho toyera ngati mchere wowazidwa ndi matenda ena. Onsewa amachizidwira m'thanki ina yapadera, ndipo mankhwala okhala ndi kopa (mkuwa) asalowe m'thanki ya miyala ndi makorali chifukwa amapha zamoyo zonse zopanda msana. Nsomba zonse zikakhala pamwamba n'kumamwa mpweya, osati pakona yawo yokha ija, yezani msanga ammonia, poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba, ndipo musinthe madzi. Komanso poti tikulowa m'nyengo yotentha, madzi aziphwera msanga. Obwezeretsa akhale opanda mchere, osefedwa bwino, chifukwa mchere suuluka, umatsalira momwemo. A pamjigo osasefa musathire, ndipo mchere wa kukhitchini ndiye usayandikire n'komwe.

Chaka chikatha, magetsi a thanki mwawakhazikitsa, nyali muli nayo yabwino, ndipo mtima ukadali pa anemone, mudzafune bubble tip wogawikana m'thanki ya munthu wina, osati wozulidwa kunyanja. Mtundu umenewu umadzigawa pawiri wokha ukakhala bwino, ndipo wotereyo amakhala atazolowera kale moyo wa m'galasi. Wanga wachiwiri ndinamupeza choncho kwa mnzanga wa ku Lilongwe, thanki yanga ili ndi zaka zitatu. Wagawikana kawiri tsopano, ndipo nsomba zanga zimalowamo masana koma kugona ndi kuikira mazira n'kumphika kwawo konkuja. Akadzagawikananso chaka chamawa thanki yanu itakhwima, mmodzi ndidzakusungirani, tidzakumane ku Lilongwe kapena mudzadutse msewu wa ku Kamwendo mudzamutenge nokha kuno. Pakadali pano tumizani kanema wachidule wa nsombazo pa nthawi yodya, komanso mundiuze nambala imene mukupeza mukayeza mchere, ndione ngati pali china chimene chandiphonya.