Anyamata a panyumba yathu ayamba fodya, nditani?

Mayi wina wa ku Ntcheu, amene amasamalira ana panyumba yosungira ana kuno ku Joni, wandilembera imelo. Akuti anapeza tizidutswa ta ndudu kuseri kwa bafa la anyamata, ndipo mmodzi wazaka 14 anavomera. "Ndawaopseza za khansa koma akungondiyang'ana. Nditani?"

Mayi, khansa ili kutali kwa iwo. Mwana amene sakudziwa kumene adzagone akadzakwanitsa zaka 18 sangaope matenda a munthu wazaka 60. Muuzeni za thupi lake lero. Akangokoka utsi, nikotini imafika mu ubongo pamasekondi pafupifupi 10, ndipo ubongo umakhwima mpaka zaka za m'ma 25, n'chifukwa chake chibaba chimamugwira msanga wachinyamata. Mfunseni ngati amamaliza mpira osagwira m'mawondo. Khalani naye pansi muwerengere limodzi ndalama za ma loose, ndudu zogulitsidwa imodziimodzi, amene amagula pa kagolosale ka spaza pa sabata.

Musaiwale hubbly, fodya wosutira m'botolo la madzi, ndi vape, ndudu yamagetsi. Ana ambiri amaona ngati si fodya chifukwa zimanunkhira mabulosi, koma madzi a mu hubbly sachotsa poizoni wa utsi, ndipo ma vape ambiri ali ndi nikotini yomweyo.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mwana wotere kawirikawiri safuna ndudu yeniyeniyo, amafuna gulu. Kuseri kwa bafa kuja n'kumene amamva kuti ali ndi abale. Mukamulanga pagulu, angosamukira kwina kumene simudzamuona. Ine ndinakulira ku Kasungu, tikusoka fodya m'chigafa manja ali bii, ndipo ndinayamba kusuta chifukwa amene ankandimvetsera anali osuta okhaokha. Mupatseni munthu womumvetsera, mupatseni ntchito madzulo, kaya kukhitchini kaya kudimba. Ndipo alonda ndi antchito anzanu asamasutire pageti ana akuona.

Za wogulitsayo, lamulo la dziko lino, Tobacco Products Control Act, limaletsa kugulitsa fodya kwa wosakwana zaka 18. Musapite nokha, tenganani ndi social worker wa panyumbapo.

Mnyamatayo akafuna kusiya, muuziretu kuti sabata yoyamba adzakhala wokwiyakwiya ndipo tulo tidzavuta, koma chibaba chikabwera chimatha pamphindi zochepa. Amwe madzi, atuluke panja, abwere kwa inu. Mukaona zizindikiro za chamba kapena mankhwala ozunguza bongo otchedwa nyaope, musadikire, pitani naye ku SANCA, bungwe lothandiza anthu amene ali ndi vuto la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.