Piyano ya m'holo, ndi funso la velocity

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Luchenza. Akuti pasukulu pomwe amaphunzitsa pali piyano yakale, ndipo akufuna kuijambula noti ndi noti kuti aziyimba pa kompyuta. Akufunsa kuti kiyi iliyonse aijambule kangati, kuyambira pokhudza pang'ono mpaka pomenya ndi mphamvu. Ndakhala nalo funsoli masiku asanu osayankha, chifukwa landikumbutsa piyano ina imene ndinaichedwera.

Inali m'holo ya tchalitchi china konkuno ku Mulanje, ya mtundu woimirira uja amautsamiritsa kukhoma. Makiyi ake anali atasanduka achikasu ndi ukalamba, awiri a kumunsi ankakakamira nyengo ya mvula. Ndinaphunzirira pamenepo ndili mnyamata, pansi pa abambo ena achikulire amene ankatsogolera kwaya. Iwo ankandiimbitsa noti imodzi yokha kambirimbiri, pang'ono, kenaka mwamphamvuko, kenaka ndi dzanja lonse, mpaka khutu langa linazindikira kuti mawuwo sakungokwera ayi, akusintha mtundu.

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse, achimwene. Kiyibodi yotchipa mukaimenya mwamphamvu imangokweza mawu ngati mwapotoza batani la wailesi. Piyano yeniyeni ili ndi tinyundo tokutidwa ndi ubweya wotsendereza. Kanyundo kakagunda nsambo pang'ono, ubweyawo umakhalabe wofewa, mawu amatuluka ofunda, obisala. Kakagunda mwamphamvu ubweya umafinyika n'kuuma, ndipo timawu tapamwamba timene tinali mtulo timadzuka, noti n'kuwala. MIDI, njira imene zida zoimbira ndi makompyuta zimalankhulirana, imene opanga zidazo akhala akugwiritsa ntchito kuyambira 1983, imayeza mphamvu ya chala kuchokera pa 1 mpaka 127, ndipo muyezo umenewu ndiwo velocity. Mukajambula kamodzi kokha n'kumangotsitsa ndi kukweza voliyumu, mwataya chinthu chimene chimapangitsa piyano kukhala piyano.

Ine ndinapita kukajambula ya m'holo ija mwezi wa Juni, chiperoni chili pakati. Ndinabwereka maikolofoni awiri, laputopu ndinali nayo. Kamvula kaja sikamveka ukamayenda panja, koma pa malata, kudzera mu maikolofoni, kamalira ngati mpunga ukuthiridwa m'beseni. Nditadikira kuti kasiye, achule anayamba. Njinga zamoto zinkadutsa pamsewu. Noti za kumunsi zimalira nthawi yaitali, zina kupitirira theka la mphindi, ndipo nthawi yonseyo sufunika kusuntha ngakhale phazi. Galu akauwa pamphindi yomaliza, uyambirenso. Magetsi nawo anali ndi kulira kwawo kwa 50 Hz kumene kunalowa mu waya, ndipo ndinakumva nditafika kale kunyumba.

Koma cholakwa chachikulu chinali changa. Noti zofewa ndinaona kuti zikulowa motsika, ndiye ndinakweza gain, batani lokwezera mawu olowa kuchokera ku maikolofoni. Pa zamphamvu ndinatsitsa. Kenaka mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu, ndinalinganiza mafayilo onse kuti akhale okwera mofanana. Nditaziika pamodzi, noti yofewa inkabwera ndi mkokomo wa chipinda chonse, ndipo kusiyana kwa chilengedwe pakati pa kukhudza ndi kumenya kunali kutafufutika. Piyano yokha ndinali ndisanaichunitse, pomwe chinyezi cha kuno kumunsi kwa phiri chimatupitsa matabwa n'kusokoneza nsambo. Ndinati ndidzabwerera mu Okutobala kukauma. Ntchito inanditengera ku Blantyre, chaka chinatha, chinanso chinatha. Mu Marichi 2023 namondwe Freddy atagwa, madzi analowa m'holomo. Anthu anataya abale ndi nyumba, piyano sinali nkhani yoti n'kuitchula, ndipo sindinaitchule. Nditakaiona patapita miyezi, makiyi anali atatupa n'kumamatirana, chiswe chitalowa kumbuyo. Zimene ndatsala nazo ndi mafayilo owonongeka aja, ndipo ndimawamvetserabe.

N'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikaona anyamata athu akuthamangira chiwerengero. Amva za Salamander Grand Piano, piyano ya pa kompyuta imene Alexander Holm anajambula pa piyano ya Yamaha C5 ndi magawo 16 a velocity (noti iliyonse pa mphamvu 16 zosiyana) n'kuipereka ulere pa intaneti, ndiye akuganiza kuti china chilichonse chochepera 16 n'chamanyazi. Ntchito ija ndi yabwino, ndimailemekeza. Koma werengani: iye sanajambule makiyi onse 88, ankadumpha awiri n'kujambula lachitatu, noti 30. Kuchulukitsa ndi 16 zikukwana 480. Ndani mwa ife ali ndi chala choti chimenye mphamvu 16 zosiyana, mofanana pa noti 30, usiku umodzi? Ena amagwiritsa ntchito Yamaha Disklavier, piyano imene imadzimenya yokha ikalandira MIDI. Ku Luchenza kulibe, ndipo sikufunika.

Ndinene mosabisa: dziko silikusowa piyano ina ya muholo yaikulu ya ku Ulaya. Zilipo zambiri, zina zaulere. Mverani nyimbo za makwaya athu zotuluka m'masitudiyo, piyano yake ndi imodzimodzi, yosalala, yopanda kwawo. Chimene palibe amene ali nacho ndi mawu a piyano imene yakhala zaka zambiri pakati pa minda ya tiyi, yaimbira maukwati ndi maliro athu. Kugogoda kwa matabwa ake, kulira kwa pedulo, musazichotse. Ndimakana kwamtuwagalu maganizo oti kuyeretsa mawu mpaka asowe fungo ndiko luso.

Tsono yankho lanu

Magawo anayi akukwanirani: kukhudza, pakatikati potsika, pakatikati pokwera, ndi kumenya. Jambulani kiyi yachitatu iliyonse, mafayilo 120. Yambani mwaitanitsa wochuna piyano, ngakhale achokere ku Blantyre, ndipo jambulani pasanathe masiku ambiri. Ikani gain poyesa noti yamphamvu kwambiri, musaikhudzenso mpaka mumalize. Mu pulogalamu yojambulira sankhani 24-bit kuti noti zofewa zisamire m'phokoso. Malizani gawo limodzi pa piyano yonse musanapite pa lina, dzanja lizolowere mphamvu imodzi. Laputopu ikhale pa batire, maikolofoni asasunthe, noti iliyonse muileke ife yokha. Dzina la fayilo likhale ndi noti ndi gawo lake, apo ayi mudzasochera.

Poziika pamodzi, gwiritsani ntchito SFZ, fayilo ya malemba wamba imene imauza kompyuta mawu oti iimbe pa kiyi iliyonse: lovel ndi hivel zimanena malire a velocity, lokey ndi hikey malire a makiyi, ndipo pulogalamu ya Sforzando ya kampani ya Plogue imaiimba ulere. Malirewo muwaike ndi khutu, osati pongogawa 127 panayi.

Mukamaliza, munditumizire mafayilo anayi a C wapakati, amene pa MIDI ndi 60, ndimve. Luchenza si patali, achimwene. Mukandiuza Loweruka limene ana kulibe pasukulupo, ndikwera minibasi ndi maikolofoni anga.