Za ziwerengero za zibakera ndi zigamulo za majaji

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti ngati kompyuta yaonetsa kuti wankhonya wina wafikitsa zibakera zambiri kuposa mnzake, majaji amapatsiranji chipambano amene zake zachepa, ndipo bwanji osangowachotsa majajiwo kuti kompyuta izigamula yokha. Ena pa zokambiranazi ayankha kale kuti ndi katangale basi. Zigamulo zonunkha zilipo m'nkhonya, zimenezo sindikana, koma yankho limenelo lafupika kwambiri. Mundilole nditalikitseko, poti masewerawa ndimawakonda ndipo nkhani imeneyi imandidya mumtima.

Tiyambire pa chimene timachitcha kompyutacho. Ziwerengero zimene zimatuluka pa kanema ndewu ikatha nthawi zambiri zimachokera ku CompuBox, njira yowerengera zibakera imene Bob Canobbio ndi Logan Hobson anayamba nayo mu 1985, pa ndewu yachibwereza ya Livingstone Bramble ndi Ray Mancini yomwe inaulutsidwa pa kanema wa HBO wa ku America. Kagwiridwe kake n'kosavuta. Pamakhala anthu awiri, aliyense maso ali pa wankhonya mmodzi, ndipo pansi pa zala zake pali mabatani anayi: jab (chibakera chowongoka cha dzanja lakutsogolo) yafika, jab yaphonya, chibakera champhamvu chafika, chibakera champhamvu chaphonya. Kompyuta imangowonkhetsa zimene zala zadina. Woona ndi munthu, wa maso awiri ngati jaji yemwe tikumudandaulayo, ndipo naye msana wa lifali ukamutchinga saona kanthu.

Kuti mumvetse kuvuta kwake, yesani izi. Tengani raundi imodzi yokha ya ndewu yothamanga, tsekani mawu, ndipo inu ndi mnzanu muwerenge zibakera zofika za wankhonya yemweyo, aliyense payekha. Ine ndinayesapo ndi mnzanga wina amene wakhala akuonera nkhonya zaka zambiri kuposa ine. Pomwe belu limalira, ine ndinali ndi 17, iye 24. Titabweza kanemayo pang'onopang'ono tinapeza pamene tinasiyana. Chibakera china chinamenya golovesi, golovesiyo n'kukagunda nkhope ya mwini wake, mutu n'kugwedezeka: iye anawerenga, ine ayi. China chinapalasa pamwamba pa mutu n'kupitirira. Pena zibakera zinayi zinatsatana nthawi yosakwana sekondi ziwiri, chimodzi pachigongono, china panthiti, ziwiri zinazo sitinagwirizane ngakhale titaimitsa chithunzi. Anthu a CompuBox ndi ozolowera kuposa ife, inde, koma iwo alibe mwayi wobweza. Amadina nthawi yomweyo, ndewu ili mkati.

Vuto lalikulu kuposa limenelo lili pa mawu akuti chibakera champhamvu. Ambiri akamaona mawuwo amaganiza kuti ndi chibakera chimene chapweteka. Ayi ndithu. Kwa owerengawo, chilichonse chimene si jab chimalowa m'gulu limenelo. Kachibakera kogogoda nako mnzako m'mbali mwa mutu mutakolekerana pazingwe n'kamphamvu. Chibakera cha pachiwindi chimene chimapinda munthu pakati n'kumusiya akusaka mpweya nachonso n'champhamvu, ndipo ziwirizi zimalembedwa mofanana, chimodzi chimodzi. Pomwe jab ya munthu ngati Gennady Golovkin, imene imabweza mutu wa mnzake m'mbuyo n'kumuchotsa pamalo, imaikidwa pamodzi ndi tijab tongoyezera mtunda. Pa ndewu yake yoyamba ndi Canelo Álvarez mu September 2017, Golovkin anafikitsa 218 kwa 169, koma kusiyanako kunali pa ma jab. Pa zamphamvu Canelo anali patsogolo pang'ono. Okonda Canelo amaloza mzere umenewo, okonda Golovkin amaloza wapamwamba, ndipo pepala ndi limodzi lomwelo.

Ndewu imene inandiphunzitsa kwambiri pa nkhani imeneyi ndi ya Julio César Chávez ndi Meldrick Taylor, pa 17 March 1990 ku Las Vegas. Taylor anali ndi manja ofulumira zedi, amaponya zitatu zinayi Chávez asanabweze chimodzi. Ziwerengero zinati Taylor wafikitsa 457, Chávez 258. Mutangoona manambala amenewo osaonera ndewuyo, munganene kuti Chávez anakwapulidwa ngati mwana. Koma taonani nkhope zawo raundi ya 10 ikamayamba. Ya Chávez ili bwinobwino. Ya Taylor yatupa, maso akutsekeka, magazi akutuluka m'kamwa. Zibakera za Chávez zinali zochepa koma zolemera, zambiri zam'thupi, ndipo zimamudya mnzakeyo pang'onopang'ono ngati chiswe. Mu raundi ya 12 Taylor anagwa, n'kudzuka atagwira chingwe, ndipo lifali Richard Steele atamufunsa ngati ali bwino n'kusakhutira, anaimitsa ndewu kutatsala masekondi awiri okha. Taylor anakagona kuchipatala, fupa la kumaso litasweka komanso atameza magazi ambiri. Pano ndinene mosamala: ziwerengero sizinaname, pakuti majaji awiri mwa atatu anali atamuika Taylor patsogolo kwambiri, ndipo belu likanalira akanapambana. Koma pa zimene zimachitikira thupi la munthuyo kwa theka la ola ndi kuposerapo, manambala aja anali chete.

Tsopano tibwere pa chimene ambiri amaiwala akamakwiya. Nkhonya za akatswiri sizigamulidwa powonkhetsa zibakera za ndewu yonse. Raundi iliyonse ya mphindi zitatu ndi mlandu pawokha. Wopambana raundi amalandira 10, wogonja 9, ndipo akagwetsedwa kawirikawiri amalandira 8. Majaji atatu amakhala mbali zosiyana za bwalo, ndipo raundi ikatha amapereka khadi, zatha, sangazisinthenso. Amayang'ana zibakera zofika bwino ndi zimene zachita, kulondola mnzako kokhala ndi phindu, amene akulamula kayendedwe ka ndewu, ndi luso lodziteteza.

Tiyerekeze ndewu ya maraundi 12. Wankhonya woyamba walusa maraundi atatu, ndipo iliyonse wafikitsa 30 kwa 10, koma osamugwetsa mnzakeyo. Maraundi asanu ndi anayi otsalawo wachiwiri wawatenga mopanikizana, 12 kwa 10 iliyonse. Mukawonkhetsa, woyamba ali ndi zibakera 180, wachiwiri 138. Pa kanema zioneka ngati woyamba ndiye mwini ndewu. Koma pa khadi wachiwiri wapambana 117-111, ndipo palibe waba kanthu. Raundi imene wamuposa mnzako ndi zibakera 20 ndi imene wamuposa ndi ziwiri, zonse zimalipira 10-9. Mutha kunena kuti lamulo limeneli lili ndi chilema, ndipo ine ndivomereza kuti majaji amachita mantha kupereka 10-8 popanda kugwetsana ngakhale pamene wina wamenyedwa koopsa. Koma chimenecho n'chilema cha kagoletsedwe, ndipo chiwerengero chapansi pa kanema sichingachichize.

Zofanana ndi zimenezi zinaoneka pa ndewu ya Oscar De La Hoya ndi Félix Trinidad mu September 1999. De La Hoya anafikitsa 263, Trinidad 166, kusiyana kwa zibakera 97. Koma De La Hoya, pokhulupirira kuti ali kutali, anathera maraundi omaliza akuzungulira bwalo osaponya kwenikweni, n'kuwapereka m'manja mwa mnzake. Majaji awiri anapatsa Trinidad, wachitatu anati alepherana. Ine mpaka lero ndimaona kuti De La Hoya anali atachita zokwanira, koma ndewuyo inali yoyandikana kwambiri kuposa mmene 97 ija ikunenera.

Musamve ngati ndikuti ziwerengero n'zachabe. Zikanakhala zachabe sindikanataya nthawi yonseyi. Pali nthawi zina pamene kusiyana kumakula mwakuti kulakwitsa kwa zala sikungakufotokoze. Pa 13 March 1999 ku Madison Square Garden, Lennox Lewis anafikitsa 348 pa Evander Holyfield, amene anafikitsa 130. Chigamulo chinali chakuti alepherana. Stanley Christodoulou wa ku South Africa anapatsa Lewis 116-113, Larry O'Connell analemba 115-115, ndipo Eugenia Williams anapatsa Holyfield 115-113. Chimene chinautsa mapiri pachigwa n'chakuti Williams anapatsa Holyfield ngakhale raundi yachisanu, imene Lewis anamupanikiza pazingwe n'kumusambitsa zibakera. Apa ndi pamene ziwerengero za raundi ndi raundi zimagwira ntchito yeniyeni. Zimapatsa munthu poyambira kufunsa kuti, mayi, pa mphindi zitatu izi munaona chiyani chimene ena tonse sitinaone? Popanda manambala, jaji amangoti ndi mmene ndinaonera, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chimodzimodzi Manny Pacquiao ndi Timothy Bradley mu June 2012. Pacquiao anafikitsa 253 kwa 159, ndipo anamuposa Bradley m'maraundi 10 mwa 12. Onani kuti apa chiwerengero chonse ndi cha raundi ndi raundi zikulankhula chimodzi. Komabe majaji awiri anapatsa Bradley 115-113. Bungwe loyendetsa nkhonya la WBO litapereka kanema wa ndewuyo kwa majaji ena asanu, onse asanu anati wapambana ndi Pacquiao. Koma patapita zaka zisanu, ku Brisbane mu July 2017, Pacquiao yemweyo anafikitsa 182 kwa 92 pa Jeff Horn, n'kugonja kwa majaji onse atatu. Anthu anafuula kuti wabedwanso. WBO inachitanso chimodzimodzi, majaji asanu atsopano, ndipo ulendo uno atatu anapatsa Horn, mmodzi Pacquiao, wina anati alepherana. Manambala ooneka ofanana, koma majaji odziwa ntchito atakhala pansi n'kuonera modekha anatulukira kosiyana. Ndiye munthu amene sanaonere ndewu koma wangoona chithunzi cha ziwerengero chikuyenda pa intaneti, adekhe asanayambe kutukwana. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Pa mfundo yanu yakuti kuwerenga kulowe m'malo mwa majaji, zimenezi zinayesedwapo, kungoti ku nkhonya za ku Olimpiki. Mu 1988 ku Seoul, Roy Jones Jr. anafikitsa 86 kwa 32 pa Park Si-hun, koma majaji atatu mwa asanu anapatsa Park mendulo ya golide. Manyazi ake anali aakulu mwakuti pofika 1992 ku Barcelona anabweretsa mabatani: majaji asanu, ndipo pointi imalowa pokhapokha atatu adine m'kati mwa sekondi imodzi. Poyamba zinkaoneka ngati mankhwala apezeka. Koma ankhonya ndi aphunzitsi awo si opusa, anaphunzira kumenyera makinawo. Chibakera chimodzi chooneka bwino kumutu, n'kudumphira kutali. Zam'thupi zinachepa chifukwa nthawi zambiri sizimadinidwa, zotsatizana mofulumira zimalowa ngati chimodzi kapena osalowa n'komwe, ndipo amene watsogola amangothawa mpaka belu. Madandaulo a zigamulo sanathe ayi. Masewera a ku London a 2012 atatha, njirayo inatayidwa, ndipo ku Rio mu 2016 anagwiritsa ntchito ya 10-9 ngati ya akatswiri. Chimene ndimaopa ine n'chimenecho: tsiku limene lamba adzayambe kuperekedwa potengera kuchuluka kwa zofika, tidzaona anthu akugogodana tizibakera topepuka maraundi 12, ndipo wankhonya wamtundu wa Chávez sadzakhalanso ndi malo.

N'chifukwa chake ndimagwirizana ndi zoti majaji asamaone ziwerengerozi ndewu ili mkati. Jaji akayamba kusuzumira nambala ya munthu wina, ndiye kuti m'malo mwa maso atatu oima paokha tatsala ndi zala za anthu awiri amene sanalembedwe ntchito yogamula. Ngakhale ife oonera kunyumba zimatikoka. Wolengeza akangoti uyu wafikitsa 25 kwa 11, raundi yotsatirayo maso athu amayamba kuona zibakera za ameneyo zokha.

Makina enieni oona okha ayamba kubwera. Pa ndewu yachiwiri ya Oleksandr Usyk ndi Tyson Fury ku Riyadh mu December 2024 anayesa jaji wa kompyuta, amene chigamulo chake sichinawerengedwe. Iye anapatsa Usyk 118-112, pomwe majaji atatu aumunthu onse analemba 116-112. Makamera ambiri angathandize kudziwa ngati chibakera chafika pachibwano kapena paphewa, ndipo zimenezo ndingazilandire ndi manja awiri, makamaka pounika ntchito ya majaji ndewu itatha. Funso lotsala ndi lomwe lija, lakuti zitatu zopepuka zimalemera bwanji poyerekeza ndi chimodzi chogwedeza miyendo, ndipo ngakhale makinawo, alipo munthu amene ayenera kuwauza yankho.

Ndiye achimwene, simunatchule ndewu imene yakupwetekani mtima. Itchuleni pansipa, ndipo ngati muli ndi ziwerengero za raundi iliyonse pamodzi ndi makhadi a majaji atatuwo, muziike. Tisankhe maraundi amene majaji asiyana ndi owerenga, aliyense akaonere yekha mawu atatseka, ndipo tibwerenso tidzakambirane raundi imodzi imodzi.