Aphunzitsi, anawo auzeni za MH18

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wa sayansi pa sekondale yoyendera ku Dedza. Ndaifupikitsa, koma mfundo yake ndi iyi: "Mwana wina wa Fomu 4 anandifunsa m'kalasi kuti, Sala, kodi ife Amalawi tinatulukirapo chiyani? M'mabuku muli mayina a azungu okhaokha. Ndinatchula William Kamkwamba, kenako ndinasowa wina. Kodi kafukufuku weniweni alipo m'dziko muno, kapena ndi misonkhano ya m'mahotela a kunyanja basi? Anawa ndiwauze chiyani?"

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha funso ili, ndipo mwanayo mumusunge bwino. Kafukufuku alipo, wina mwa iye ndi wapamwamba moti madokotala a kunja amawerenga zimene zinapezeka ku Blantyre. Vuto lathu lili pena: amene amasankha mafunso oti afufuzidwe nthawi zambiri si ife, ndipo zimene zapezekazo zimavutika kutuluka m'lipoti kuti zikafike m'munda, m'chipatala cha kumudzi kapena pashelefu ya golosale. Koma musayambe ndi madandaulo. Yambani ndi chimanga, poti ana anu onse amachidziwa.

Afunseni chifukwa chimene agogo awo ankakanira chimanga cha haibridi. Alangizi akale ankati alimi ndi osamva, safuna kusintha. Koma amayi anali ndi chifukwa chomveka. Chimanga cha makolo n'cholimba. Mukachithira mumtondo, n'kuwazako madzi pang'ono, n'kuyamba kukonola, gaga amachoka koma njere imatsala yathunthu, mphale yake yambiri. Haibridi wa nthawi imeneyo anali wofewa, wa kadzenje pamwamba pa njere. Musi ukangogunda, njere inkanyenyeka n'kupita limodzi ndi gaga popeta. Mayi ankaona ndi maso ake kuti dengu lomwelo lamupatsa ufa woyera wochepa. Kuwonjezera apo, munkhokwe anankafumbwe ankayamba ndi chofewacho. Ndiye mabanja ambiri amene ankadzala haibridi ankadzalira kukagulitsa ku ADMARC, chakudya n'kumadzala cha makolo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri athu a mbewu ku Chitedze, kunja kwa Lilongwe panjira ya ku Mchinji, anasiya kukangana ndi mtondo n'kuyamba kuumvera. Anakwatitsa mbewu zawo ndi chimanga china cholimba chochokera ku CIMMYT, bungwe la kafukufuku wa chimanga ndi tirigu lomwe likulu lake lili ku Mexico, ndipo mu 1990 anatulutsa MH17 ndi MH18. Zilembo za MH zikuimira Malawi Hybrid. Chinali chimanga chobereka ngati haibridi koma chokonoleka pafupifupi ngati cha makolo. Dzina la MH18 linalowa m'midzi moti mpaka lero akuluakulu ena amalitchulabe. Kwa ine, iyi ndiye nkhani yabwino kuposa zonse za kafukufuku wa kuno, chifukwa funso lake silinachokere ku likulu la bungwe lina kutsidya kwa nyanja. Linachokera pamtondo.

Ku ulimi komweko zilipo zina zoti muwatchulire. Mtedza wa CG7 unatuluka chaka chomwecho cha 1990, mothandizana ndi a ICRISAT, bungwe la kafukufuku wa mbewu za m'madera ouma, amene ali ndi malo ku Chitedze konko. Mbatata zofiira m'kati zokhala ndi vitamini A zili ndi mayina athu enieni, Kadyaubwerere, Anaakwanire, Kaphulira, Chipika, Mathuthu, ndipo ndimakonda kuti amene anazitcha mayina ankaganizira mayi wa pamsika, osati mkonzi wa magazini ya sayansi. Malo ofufuzira aboma amwazikana dziko lonse: Bvumbwe ku Thyolo, Makoka ku Zomba, Kasinthula ku Chikwawa, Lifuwu ku Salima kumene amalimbana ndi mpunga, Lunyangwa ku Mzuzu, Baka ku Karonga. Ku Mulanje kuli Tea Research Foundation of Central Africa, imene mitundu yake ya tiyi imadzalidwa ngakhale kunja kwa dziko lino. Onani bwino apa: tiyi ndi fodya zakhala ndi kafukufuku wokhazikika chifukwa eni malonda amasonkha okha ndalama zake. Mfundo imeneyi tibwereranso.

Tsopano za chipatala, kumene dzina la Malawi limamveka patali kwambiri. Dokotala aliyense wosamalira ana odwala malungo a mu ubongo, kaya ali ku Ghana kaya ku Papua New Guinea, amadziwa Blantyre Coma Score. Ndi njira yoyezera kuti mwana wakomoka motani: kodi maso ake akutsatira nkhope ya mayi ake, kodi akulira bwanji, kodi mukamutsina akuchotsa dzanja. Mumapereka mapointi kuyambira 0 mpaka 5. Inakonzedwa ku chipatala cha Queen Elizabeth, kwa Gulupu, ndi Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor pamodzi ndi anzawo, ndipo inasindikizidwa mu 1989. Pamalo pomwepo, mu 2015, ofufuza atagwiritsa ntchito makina a MRI ojambula m'kati mwa thupi, anasonyeza kuti ana ambiri ofa ndi malungo amenewa amafa chifukwa ubongo umatupa mpaka kupanikiza mbali imene imayendetsa kupuma.

Mu 1993 Malawi inali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ngati mankhwala oyamba a malungo n'kutenga SP, uja tinkamutcha Fansidar, chifukwa kafukufuku wa kuno anaonetsa kuti tizilombo tasiya kumva mankhwalawo. Patapita zaka khumi ndi zingapo, ofufuza ku Blantyre anapeza chinthu chimene ambiri sankayembekezera: chloroquine atasiyidwa nthawi yaitali, tizilombo tosamva tija tinazimiririka, ndipo mankhwalawo anayambanso kugwira ntchito. Mu 2011 madokotala a ku unduna wa zaumoyo anayambitsa ndondomeko yoti mayi aliyense woyembekezera amene wapezeka ndi HIV ayambe ma ARV nthawi yomweyo, moyo wake wonse, osadikira kuyeza CD4, muyezo wa chitetezo cha m'thupi, popeza makina oyezerawo m'zipatala zambiri za kumudzi munalibe. Anaitcha Option B+. Ena kunja anayamba akayika, koma pambuyo pake WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, inalimbikitsa mayiko ena kuchita chimodzimodzi. Ndimaikonda nkhani imeneyi chifukwa ndi nzeru yobadwa m'kusowa, ndipo inabadwira ku Lilongwe. Katemera wa typhoid amene ana analandira dziko lonse mu 2023 anayesedwa kaye pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa. Katemera wa malungo wa RTS,S anayamba kuperekedwa kuno mu April 2019, Ghana ndi Kenya zikubwera pambuyo pathu. Ndipo ku Karonga kuli kafukufuku amene anayamba mu 1979 ndi nkhani ya khate, mpaka lero akutsatirabe umoyo wa anthu a m'midzi ya kumeneko.

Mwina pofika apa mukuti, basi, ndapeza zokawauza. Dikirani kaye, poti mwana wanzeru uja afunsanso kuti, nanga ndalama zake anapereka ndani? Ndipo apa m'pamene mutu umaweramira.

Pafupifupi kafukufuku yense wamkulu wa zaumoyo amene ndatchulayu analipiridwa ndi akunja: Wellcome ya ku Britain, boma la America, mabungwe ngati la Bill Gates. Sindikunyoza. Ana athu ali moyo chifukwa cha ndalama zimenezo, ndipo Amalawi ambiri atenga ma PhD kudzera m'mapulogalamu ngati Malawi-Liverpool-Wellcome. Koma mwini thumba ndiye amasankha funso. N'chifukwa chake tili ndi mapepala ambirimbiri a malungo, HIV ndi TB, pamene za shuga, BP, matenda a maganizo, ngozi za kabaza kapena zomangira nyumba zotsika mtengo n'zochepa. Ndiponso mlendo ndi mame. Pulojekiti imakhala ya zaka zitatu kapena zisanu. Ikatha, galimoto zimaima, achinyamata amene anaphunzitsidwa bwino amayamba kutumiza makalata ofunsira ntchito ku Johannesburg ndi ku Liverpool. Zimene zinachitika kumayambiriro kwa 2025, boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lambiri lakunja, zinationetsa poyera kuti denga limene takhala tikubisalamo mvula si lathu.

Chaka china ndinakacheza kwa mnzanga amene amagwira ntchito mu labu ina ya boma, sinditchula kuti ndi iti. Pakona panali makina aakulu oyezera zinthu za m'dothi, atawafunditsa chitenje kuopa fumbi. Anabwera ndi pulojekiti, anagwira ntchito zaka ziwiri, kenako kachitsulo kena kakang'ono kanapsa magetsi atabwera mwamphamvu pambuyo pa kuzima. Kachitsuloko n'kogula kunja, ndalama zakunja kubanki kulibe, ndipo woti adzakonze ayenera kukwera ndege. Mnzangayo, munthu wa digiri ziwiri, anali atakhala pampando akulemba pamanja m'kaundula mayina a zitsanzo za dothi zimene alimi anatumiza miyezi inayi m'mbuyomo. Timatumba tadothito tinali titaunjikana pansi pa tebulo, zolemba zake zitayamba kufufutika. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa kalikonse ka mu labu, kuyambira magolovesi mpaka mankhwala oyezera, unakwera tsiku limodzi, koma bajeti inakhala yomweyo.

Pamapepala tili bwino ndithu. Lamulo la sayansi ndi luso linakhazikitsidwa mu 2003, ndipo ndi limene linabala National Commission for Science and Technology. Masomphenya a Malawi 2063 amatchula sayansi ndi luso mobwerezabwereza. Mayiko a mu African Union analonjezana kuti aziika 1 peresenti ya chuma chawo cha pachaka pa kafukufuku. Mayunivesite aboma achuluka: UNIMA, MZUNI, LUANAR, MUST ku Ndata imene inatsegulidwa mu 2014, ndiponso MUBAS ndi KUHeS zimene zinaima pazokha mu 2021. Koma mphunzitsi wa payunivesite amene ali ndi ophunzira mazana angapo m'kalasi imodzi, mapepala oti achonge atadzaza katoni, kafukufuku amuchita nthawi yanji? Ambiri amathera ku ntchito zaganyu zolembera mabungwe malipoti, poti n'kumene kuli ndalama ya fizi ya ana awo. Sindiwaweruza. Ku unduna wa zamalimidwe nako, gawo lalikulu la ndalama lakhala likupita ku feteleza wotsika mtengo kuyambira 2005, ndipo malo ofufuzira aja ndi alangizi amagawana zotsala.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kuposa ndalama za boma ndi kusowa kwa mafakitale. Ku South Korea amaika ndalama zoposa 4 peresenti ya chuma chawo pa kafukufuku, ndipo gawo lalikulu amalipira ndi makampani ngati Samsung ndi Hyundai, chifukwa akapanda kutulukira chatsopano malonda awo afa. Kuno makampani athu akuluakulu ambiri ndi mabanki, amafoni ndi ogulitsa katundu woitanitsa kunja. Injiniya wofufuza samufuna kwenikweni. Pitani pa chionetsero cha ophunzira a uinjiniya chaka chilichonse, mukaona makina opukusira chimanga, zoumitsira tomato ndi dzuwa, zofungatira mazira. Nduna imajambulitsa, manyuzipepala amalemba, kenako chinthucho chimabwerera m'chipinda chosungiramo katundu cha dipatimenti. Kuti chifike pamsika pamafunika ngongole ya chiwongoladzanja chopirika, chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, wowotcherera amene angapange zana zofanana ndendende, ndi magetsi osazimazima. Paja tiyi ali ndi kafukufuku wokhazikika chifukwa pali womudikira kuti amugwiritse ntchito mawa lomwe. Makina a Pumani, othandiza ana obadwa masiku osakwana kupuma, anatheka chifukwa anamwino ndi madokotala a kwa Gulupu anakhala pansi ndi mainjiniya a ku Rice University ku America, ndipo panapezeka kampani yowapanga ambiri. Kampani imeneyo si ya kuno.

Za Kamkwamba musasiye kuwauza, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu amene anapanga magetsi a mphepo ndi zitsulo zotola ndi njinga ya bambo ake. Muwauzenso za Colrerd Nkosi amene anatchera mtsinje n'kuyatsa magetsi m'mudzi mwawo kumpoto. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi: musawapatse anawo chithunzi choti kutulukira zinthu ndi ntchito ya munthu mmodzi wamphatso yodabwitsa amene mzungu amadzamupeza mwangozi. MH18 sanapangidwe ndi munthu mmodzi usiku umodzi. Panali anthu ovala magambuti amene ankamanga timapepala pa ngayaye za chimanga nyengo ndi nyengo, kuyeza, kulemba, kutaya mizere yosachita bwino, kuyambiranso, boma likuwalipira malipiro ochepa mwezi ndi mwezi.

Ndiye Lolemba m'malo mowawerengera mndandanda wa mayina, chitani izi. Auzeni abweretse chimanga cha mitundu iwiri, cha makolo ndi cha haibridi wofewa, makilogalamu awiri mtundu uliwonse. Bwerekani mtondo, musi ndi lichero kwa amayi oyandikana ndi sukulu, ndi sikelo kwa wogula soya pa msika. Anyamata akonole nawo, asangoimirira. Ayeze mphale yotuluka ku mtundu uliwonse, abwereze katatu, alembe manambala pabolodi, akangane chifukwa chake gulu lina lapeza zosiyana ndi linzake. Chimanga chotsala chosakonola muchiike m'mabotolo awiri, mtundu uliwonse botolo lake, muponyemo anankafumbwe khumi khumi, mutseke ndi kansalu, mudzatsegule pakatha milungu isanu ndi umodzi. Kuchokera ku Dedza kukafika ku Chitedze ndi ulendo wopita n'kubwera tsiku lomwelo. Ngati komiti ya makolo ingathandize za minibasi, lemberani kalata akuluakulu a pamalopo, ndipo nyengo yabwino ndi February kapena March chimanga cha m'minda yoyeserera chili chiimire. Manambala a pabolodi aja mudzanditumizire, ndidzawaika pano.